Mawilo a Pawatila ndi Nkhunda za a Spencer

Amuna atatu amene amakhala kuseri kwa chigayo aja, ine ndikadakhala boma ndikadawalanda masipanala onse n'kuwapatsa mithiko. Mwina akadatakasako phala, ana n'kumwa. Amadzitchula okha kuti Abale a Girisi. Ali ndi gulu lawo pafoni pomwe amatumizirana zithunzi za mathirakitala akunja, aakulu ngati tchalitchi cha ku Mishoni, chonsecho kamodzi komwe tili nako kunoko kanatha milungu itatu kali chigonere pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikusambira fumbi kunsi kwake.

Kathirakitalako ndi ka kalabu yathu ya alimi a mpunga. Ndi kaja ka mawilo awiri, komwe munthu amakagwira pambuyo ngati wilibala, timati pawatila. Kalabu inasankha atatuwa kuti azikasamala chifukwa pamsonkhano ndiwo amalankhula kwambiri za mainjini. Ndiye mwaona pomwe tinalakwitsa.

Wamkulu wawo ndi a Maliro. Anayendetsapo thirakitala pa esiteti ina ya fodya amayi anga asanabadwe, ndipo mpaka lero sanatsikebe. Kenako Che Zubair, ali ndi njinga yamoto yomwe amaipukuta kuposa kuikwera, ndipo bawo lawo samalisiya ngakhale pamaliro. Womaliza ndi a Spencer, oyandikana nafe nyumba, ovala ovolosi yabuluu yosita. Ovolosi yosita, anthuni! Girisi anailawa liti? Iwowo mtima wawo wonse uli pa nkhunda.

Tsono vuto lathu linali ili. Amayi anabereka mwezi wathawu, mwana wa opaleshoni, ndipo anamwino anati asagwire khasu miyezi itatu. Abambo ali ku Joni, amangotumiza mawu pafoni ofunsa ngati mwana akufanana nawo. Mbande zathu pa nazale zinali zitakwana milungu inayi. Mbande ya mpunga ikapyola pamenepo imakalamba, ukaiwokera siphukira ana, imangoima yokhayokha ngati mtengo wa magetsi. Komanso chilimwe chino madzi ndi ochepa mu ngalande, amatipatsa mosinthana. Mbali yathu inali Lachinayi, kuyambira m'mawa mpaka 2 koloko. Akatseka, ndiye kudikira milungu ina iwiri. Puloti imayenera kupondedwa matope tsiku lomwelo madzi ali momwemo, apo ayi mpunga wa chaka chino tiuiwale.

Lolemba amayi anati, "Lukiya, pita ukawafunse azibambo aja ngati pawatila ikhala itakonzeka. Ukalankhule mwaulemu, wamva?"

Ndinawapeza atakhala pa matayala akale, bawo lili pakati. Lamba watsopano wa injini, yemwe ndiye anali vuto lonse, anali atapachikidwa panthambi, adakali m'pepala lake lochokera ku Zomba.

"Odi kuno," ndinatero, n'kugwada pang'ono, ngakhale mumtima ndinali chiimire.

Palibe anandiona. A Spencer anali pakati pa nkhani.

"Yoyera ija, amwene, ndinapita nayo ku Naisi m'katoni. Ndinaiponya m'mwamba, ine n'kukwera minibasi. Ndinaipeza yafika kalekale, ikudya."

"Minibasi za masiku ano ngakhale kamba akhoza kuzipitirira," anatero Che Zubair, maso ali pa bawo.

"Nthawi imeneyo ku esiteti," a Maliro anayamba, "bwana wina ankaweta mbalame yolankhula. Inkatukwana m'Chiyao."

"Bodza ilo, mdala."

"Inatukwana apongozi anga ine ndili pompo!"

"Mwina munaiphunzitsa ndinu."

Anaseka mpaka kutsokomola. Kuchoka pa mbalame anapita pa nyambo yabwino yogwirira mlamba, kuchoka pa mlamba anapita pa goloboyi wa timu ya kwathu kuno yemwe akuti amagwira mpira ngati akulandira mbale yamoto. Ine chigwadire, bondo likuwawa. Kenako a Spencer anabwereranso kumene amabwerera nthawi zonse.

"Ine kunena zoona, nkhunda zanga zimandimvera kuposa mayi a Chris. Nkhunda ukaiponyera kagaga imagwedeza mutu kuthokoza. Mkazi ukamupatsa thumba lonse amafunsa kuti linzake lili kuti. Nyumba itayaka lero, ine ndiyamba kutulutsa nkhunda."

Mayi a Chris ndi akazi awo, a Rabecca. Anzawo anaseka n'kuwamenya pa phewa. Ine mawu otere sinditaya. Ndimawapinda bwinobwino n'kuwasunga ngati nsalu ya pa Idi.

Ndinatsokomola mwadala. A Maliro anatembenuka.

"Aa, mwana wa a Asiyatu. Amayi ako adzuka bwanji?"

"Adzukako. Akuti ndifunse za pawatila, poti madzi athu ndi Lachinayi."

"Mawa, mwana iwe. Injini si mbatata yoti ungofika n'kufukula. Imafuna kuiganizira."

"Nanga lamba uyo si ameneyu?"

"Taonani," anatero a Spencer, "atsikana a masiku ano ayamba kudziwa malamba."

Lachiwiri ndinapitanso. Kaya manyazi anawagwira kaya nkhani zinawathera, lamba uja anamuika. Ndipo mukudziwa zinatenga nthawi yaitali bwanji? Madzi a tiyi sakadawira n'komwe. Milungu itatu yoganizira! Che Zubair anapukusa injini, inatsokomola utsi wakuda n'kulira. Pamenepo ndiye chikondwerero. A Maliro anachita kuvula chipewa. A Spencer anapaka chala chimodzi girisi, anadzidinda patsaya, n'kuuza Che Zubair kuti awajambule atagwira zigwiriro, chithunzi chipite ku gulu. Atatero anamangirira ngolo kumbuyo kuti akayese kumsewu, anthu awaone.

Ine ndinayang'ana mawilo. Anali a labala, aja oyendera pamsewu ponyamula matumba. Chaka chatha pawatila ikulowa m'matope inali ndi mawilo ena, achitsulo, aakulu, a nthitinthiti ngati dengu, oti samira.

"Kodi mawilo achitsulo aja ali kuti?" ndinafunsa.

A Maliro anayang'ana Che Zubair. Che Zubair anayang'ana a Spencer.

"Ali ku Zomba," anatero a Spencer msangamsanga. "Ndinapita nawo kowotcherera, anang'aluka. Wowotcherera wakeyo wapita kumaliro ku Jali. Koma awa a labalawa akwana. Chachikulu ndi mphamvu ya injini."

"Ku esiteti tinkalowa m'dambo ndi matayala osalala ngati mutu wangawu," anatero a Maliro.

Mxii. Ndinabwerera.

Lachitatu m'mawa ndinapita kumjigo. Kumjigo kwathu ndiye wailesi yeniyeni, ija ya mabatire imangotsatira. Tsiku limenelo nkhani inali ya Mervis wa kwa a Makaiko, yemwe akuti chibwenzi chake cha kabaza chinamugulira foni, kenako chinailanda n'kukapatsa wina wa ku Songani, Mervisyo n'kumayendabe ndi chikwama chake cha foni chopanda kanthu. Koma imeneyo ndi nkhani ina. Ili mkati, anafika a Rabecca ndi ndowa ziwiri, nkhope ili gwa.

"Madzi onsewa, mayi a Chris, muli ndi alendo?" wina anafunsa.

"Alendo ake ati? Imodziyi ndi ya azikazi anzanga. Nkhunda. Akuti zizisamba. Panopa anazimangira nyumba yosanja, yachitsulo, kuseri kwa bafa, akuti amphaka asafikeko. Ine khitchini yanga denga linagwa mwezi wa Febuluwale, mpaka lero ndikuphikira pa dzuwa."

Yachitsulo? Khutu langa linaima.

Masana ndinapita kwawo kukabwereka sefa, ngakhale yathu inali bwinobwino pamsomali. A Rabecca atalowa m'nyumba kukatenga, ine ndinazungulira kuseri kwa bafa ngati ndikuthamangitsa nkhuku. Mayo ine! Mawilo onse awiri a pawatila, atagonekedwa lina pamwamba pa linzake pa njerwa, atakulungidwa ndi waya wa nkhuku, pamwamba kachidutswa ka lata. M'kati mwa nthiti zija munali timiphika tosweka ta zisa, maunda akutulutsa timitu tawo topanda nthenga. Ndiye Zomba yake imeneyi. Zomba ya kuseri kwa bafa.

Ndinathamanga, sefa ili m'manja. "Amayi! Amayi, ndawaona!"

Amayi anamvetsera mwana ali kubere, kenako anapukusa mutu.

"Iwe Lukiya, pakamwa pakopa padzakupalamulira. Tsiku lija ine ndikufa ndi mimba, anandigwirira pa njinga mpaka kuchipatala ndani? Si a Rabecca? Ukufuna ukawachititse manyazi amuna awo pagulu? A Spencer ndi munthu wamkulu. Anena kuti a labala akwana, ndiye akwana. Tseka pakamwa."

Ndinatseka. Koma zinkandiyabwa ngati chitedze.

Lachinayi madzi anabwera dzuwa likutuluka. Ine ndi amayi tinatsegula kamlomo ka puloti yathu, madzi n'kuyamba kulowa, nthaka youma ikumwa ndi kaphokoso. Anzathu a m'mapuloti oyandikana anali kale m'matope ndi makasu, mabanja athunthu. Ife tinalibe wotigwirira khasu, n'chifukwa chake kalabu inatiika oyamba pa pawatila.

Abale a Girisi anafika cha m'ma 8, pawatila ikulira kuti dziko lonse limve. A Maliro anayenda kutsogolo akutambasula manja ngati wapolisi wapamsewu. A Spencer ndiwo anagwira zigwiriro, atapinda ovolosi mpaka m'mawondo kuti isade. Anatsika nayo pamzere wotchinga madzi n'kulowa m'puloti. Inayenda mapazi khumi. Kenako matayala anayamba kuzungulira pamalo amodzi, akuponya matope m'mwamba, fwaa, fwaa, pawatila n'kumakhala pansi pang'onopang'ono ngati nkhuku yofungatira. A Spencer anawonjezera moto. Inamira mpaka pamimba. Injini inatsokomola kawiri n'kuzima.

Kunangoti zii. Achule okha.

Ndiye mukuganiza anachita chiyani? Anaizungulira, manja m'chiuno.

"Dothi la kuno ndi lachilendo," anatero a Spencer.

"Ku esiteti inamirapo ina," anatero a Maliro. "Tinaisiya mpaka chilimwe. Titaifukula tinapeza mlamba m'kati mwa injini, wamoyo, waukulu chonchi."

"Mlamba wa m'matope sukoma," anatero Che Zubair. "Umanunkha dothi. Wabwino ndi wa ku Chilwa, wowamba ndi nkhuni za mango."

"Inu simunadye wophikira nsinjiro," anatero a Spencer.

"Nsinjiro pa mlamba? Amwene, mukudwala?"

Anthuni, ataima m'puloti mwathu, matope m'mawondo, madzi athu akupita, iwo akukangana za nsinjiro. Ola linatha. Anayesa kukankha kamodzi, a Spencer anaterereka n'kudandaula za ovolosi. Anakhala pamzere kuti apume, aganize. Che Zubair anatulutsa foni kuti afunse ku gulu, koma m'malo mwake anapeza kanema wa thirakitala ina yakunja yokolola yokha, onse atatu n'kuunjikana kuonera. Dzuwa linakwera. A Makaiko, omwe amasunga kiyi wa chitseko cha ngalande, anadutsa pa njinga n'kukuwa kuti, "2 koloko ndi 2 koloko, mbande za mbali inayo nazonso zikufota!"

Apo ndi pomwe ndinaona amayi akumasula mwana kumsana. Anamugoneka pa chitenje pansi pa nthochi. Anapita kwa oyandikana nawo, anabwereka khasu, anamanga nsalu yawo molimba pamimba pomwe pali ulusi wa opaleshoni, n'kutsika m'matope. Anakweza khasu kamodzi. Ndinaona nkhope yawo mmene inakwinyikira. Anakwezanso.

Azibambo aja sanaone n'komwe. Kanema anali asanathe.

Amayi anati nditseke pakamwa za mawilo. Za nyumba yoyaka sananenepo kanthu.

Ndinathamanga osaima mpaka kwa a Spencer. A Rabecca ndinawapeza m'khitchini yawo yopanda denga ija, akupemerera moto, thukuta lili kamukamu.

"Iwe, wabweza sefa?"

"Ayi, mayi a Chris. Ndangoti ndikufunseni, kodi mumagona mbali ya kukhomo kapena ya kukhoma?"

"Funso lanji limenelo?"

"Poti ngati ndi ya kukhoma, musinthe. Abambo a Chris anauza anzawo kuchigayo Lolemba kuti nyumba itayaka ayamba kutulutsa nkhunda."

Anasiya kupemerera. "Wati chiyani? Bwereza."

Ndinabwereza, zonse, za kagaga, za thumba, za kugwedeza mutu. Mawu awo ndinawayeserera ndithu, mpaka kaseko kawo ka m'mphuno. Kenako ndinawauza kuti nyumba yosanja ija ndi mawilo a pawatila ya kalabu, amene amuna awo akuti ali ku Zomba, ndi kuti pakali pano amayi anga ali m'matope ndi khasu.

"Asiyatu? Ndi khasu? Ndi bala lija?"

Anadzuka. Anatenga chikwanje. Kuseri kwa bafa kuja waya wa nkhuku anangomva khwa, khwa, khwa. Lata linagwa. Nkhunda zinabalalika m'mwamba ngati mapepala a mayeso tsiku lotsekera. Maunda anawatola bwinobwino n'kuwaika m'lichero, n'kuvundikira ndi dengu.

"Awa ndiwaona ndikabwera. Gwira wilo ilo, ine ili."

Mawilo achitsulo ndi olemera, koma njira ya kusikimu ya mpunga ndi yotsetsereka. Tinawagubuduza, gudu, gudu, gudu, zitosi ndi nthenga zikuwayawaya, ana akutithamangira pambuyo, nkhunda yoyera ija ya ku Naisi ikuzungulira pamwamba pathu kutsatira nyumba yake. Anthu m'mapuloti onse anaweramuka.

A Rabecca analisiya wilo lawo kuti ligwere pamapazi a amuna awo.

"Abambo a Chris, katundu wanu wafika kuchokera ku Zomba. Wowotcherera wabwerako kumaliro."

A Spencer anayang'ana m'mwamba, anaona yoyera ija.

"Mayi, nanga maunda?"

"Mwamva?" a Rabecca anatembenukira anthu onse. "Mwamva nokha? Mnzanga ali m'matope ndi ulusi pamimba, bambo akufunsa maunda! Asiyatu, ponya khasulo. Ponya, ndati! Tuluka, mwana akulira uyo."

Amayi anandiyang'ana ine kaye, diso lija ndimalidziwa, koma anatuluka.

Che Zubair anatola nthenga imodzi pa wilo, anaiyang'ana, kenako anayang'ana a Spencer. "Amwene, miyezi iwiri ndikukufunsani za mawilowa. Ndinatsala pang'ono kupita ku Zomba ndi mafuta anga."

"Ndimati ndingobwereka mpaka ziswe."

"Ku esiteti," a Maliro anayamba.

"Inu a Maliro," anatero a Rabecca, "esiteti imeneyo muitchulenso kamodzi, muone. Gwirani mtengo uwo."

Anagwira. Azimayi a m'mapuloti oyandikana anabwera, ena ndi mitengo, ena ndi maseko okha. Tinaitukula pawatila, n'kuikokera pamzere. Kusintha mawilo ndi mabawuti ochepa chabe, ndipo Che Zubair, ndisawanamizire, akatseka pakamwa manja awo amadziwa ntchito. A Spencer anauzidwa kuti agone chagada m'matope agwirizire kunsi. Ovolosi ija inalawa dothi koyamba chiigulireni, ndipo palibe anawajambula, zomwe ine ndinadandaula nazo.

Inalowanso m'puloti nthawi itadutsa 12 koloko. Ulendo uno inayenda pamwamba pa matope ngati bakha, ikusiya phala losalala pambuyo. Che Zubair anapita, anabwera, anapita, anabwera, osayang'ana munthu. Ine maso anali pa njira. A Makaiko anafika ndi kiyi wawo nthawi yake yeniyeni, anaima pa chitseko, anationa, anayamba kufunafuna kiyi m'matumba onse ngakhale anali m'manja mwawo, kenako anatseka. Ngodya imodzi ya kuchulu inatsala yosapondedwa, malo oti mphasa zitatu. Kwina konse kunali matope abwino, madzi ali nyezinyezi.

Mawa lake ine, a Rabecca ndi Mervis uja wa chikwama chopanda foni tinawokera mbande mpaka msana kuuma. Za kungodya ija zinatsala pa nazale, tinapatsa mbuzi.

Madzulo ake dzuwa lisanalowe a Rabecca anabwera kwathu ndi kambale kovundikira.

"Asiyatu, imwa msuzi uwu. Maunda amabwezera magazi."

Amayi anavundukula. Munali anayi, onona.

"Iii, mayi a Chris, nanga eni ake?"

"Eni ake akufolera khitchini. Idya."

Atapita, amayi anadya, anandipatsako kamwendo. Kenako anati, "Lukiya."

"Wee."

"Ndinakuuza kuti chiyani?"

"Munati ndisanene za mawilo pagulu. Ine ndinanena kwa munthu mmodzi."

"A Spencer ananenadi mawu amene aja? A nyumba yoyaka?"

"Ananena, amayi. A Maliro ndi mboni."

"Sunawonjezere?"

Ndinayang'ana kafupa kanga. "Pang'ono pokha. Ndinati akatulutsa nkhunda adzabwerera kukatenga ovolosi."

Amayi anayesa kukwiya, ndinaona ndithu akuyesa. Kenako anagwira pamimba ndi manja awiri, misozi ikutuluka.

"Choka apa, iwe mwana, undidulitsa ulusi! Pita ukatsuke mbale ya eni ake. Ndipo mawa ulawire kupuloti, ukaone ngati mzere sukudontha."